Kwa Celestina, za Kapaipi Kamene Kanadyetsa Amayi Ako

Mwananga Celestina,

Ndakhala pakhonde pano kuyambira pamene unatuluka kupita ku vila, kutauni kuja, kukatsanzika anzako a kuchipatala. Pansi pa mtengo pali njinga za anthu zikundidikira, ina yopindika limu, ina yoduka tcheni, koma lero eni ake andikhululukire. Mawa shapa, minibasi ija, ikamakunyamula ndidzangoti uyende bwino, chifukwa ukundidziwa, pagulu pakamwa panga pamauma. Ndiye ndati ndilembe. Ndikulemba m'Chinyanja chimene ndinaphunzira kulemba tili kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi kuja. Chipwitikizi changa n'chogulira zitsulo za njinga basi, sichingasenze zimene ndikufuna kukuuza.

Unatifotokozera kuti ku Maputo kumene ukupitako ukagwira ntchito ndi madokotala ofufuza kadyetsedwe ka odwala amene sangathe kudya ndi pakamwa. Unati ena chakudya chimadzera m'kapaipi ka m'mphuno, kamene inu anamwino mumati sonda, ndipo ena chimalowera mumtsempha weniweni. Amayi ako atamva anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusankha nyemba. Iwe unaona ngati sizinawakhudze. Zinawakhudza, mwananga. Nkhani ya kudwala kwawo umaidziwa ngati mmene umadziwira phiri la Tumbine: wakula ukuliona, koma sunakwereko. Unali wamng'ono, tinakusiya kwa azakhali ako, ndipo titabwerako aliyense anatanganidwa ndi kumanga ndi kulima. Lero ndikuuza yonse, chifukwa ntchito imene ukukayambayo ine ndinaionera kumiyendo kwa bedi, mbali imene mabuku ako mwina salemba. Malangizo ndili nawo, koma mafunso ndiye ambiri, ndipo ena ndakhala nawo zaka zonsezi ndikusowa womufunsa.

Nkhondo itatha, magalimoto anatitula pa Milange ndi timitolo tathu, ife n'kuuyamba wapansi kupita kumudzi kwa amayi ako, njira ya ku Mongue. Tinapeza mudzi utasanduka thengo. Pamene panali nyumba ya agogo ako panamera mtengo wonenepa ngati ntchafu yanga. Tinkayenda modutsa anzathu mokha, phazi pamene paponda phazi, poopa mabomba okwirira, ndipo khasu tinkaligwetsa mtima uli m'mwamba. Tinkaopa zazikulu, koma chimene chinatigwetsa n'kawaya kadzimbiri. Amayi ako anakaponda akusosa munda, kanawabaya pachidendene. Anatsuka, anamanga kansanza, n'kubwerera kukhasu, chifukwa mvula inali pafupi ndipo nyumba inali isanafoleredwe.

Patapita masiku anandiuza m'mawa kuti nsagwada zikulemera. Posakhalitsa supuni inayamba kukana kulowa. Kenako thupi lonse linauma, ndipo tambala akalira kapena munthu akagwetsa chidebe, msana wawo unkapindika ngati uta, mano atalumana, maso ali pa ine. Chipatala cha ku vila nthawi imeneyo chinali chisanakonzedwe. Ine ndi amalume ako a Joaquim, mchimwene wawo wa amayi ako, tinamanga machira ndi nsungwi ndi bulangete, n'kuwanyamula mpaka kuwoloka malire pa Muloza. Kumeneko lole ina inatimvera chisoni n'kukatitula kuchipatala cha mishoni mbali ya Malawi. Anangowayang'ana nsagwada n'kutchula dzina la matendawo: kafumbata.

Anawagoneka m'kachipinda ka mdima, mazenera atatchinga ndi mabulangete, chifukwa kuwala ndi phokoso ndi zimene zimadzutsa kukokana kuja. Anawabaya mankhwala ofewetsa thupi, n'kuwapachikira botolo la madzi otsikira pamkono, lija ife timati soro, anzathu kutsidya amati diripi. Nditaona madziwo akudontha mtima wanga unakhala pansi. Ndinawauza amalume ako kuti, "Musadandaule alamu, chakudya ndi chimenecho, akudya." Namwino wamkulu wa chipindacho, mayi wina wojintcha dzina lake a Nankhoma, anandimva. Ananditengera panja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, m'botolomo muli madzi, kamchere ndi kashuga pang'ono. Amaletsa munthu kuuma, koma sakhutitsa. Matenda awa amatenga milungu, ndipo thupi likamakokana chonchi limatha mphamvu ngati munthu amene akulima osapuma. Tikawasiya pa madzi okhawa, kafumbata mwina tim'gonjetsa, koma njala iwatenga." Malangizo anga oyamba ndi amenewo, mwananga. Usaganize kuti wodikirira wodwala akudziwa chimene chili m'botolo. Ife tikaona chinthu chikulowa m'thupi timangoti n'chakudya. Uzitiuza, ngakhale tisanafunse.

Pomwepo ndili ndi funso. A Nankhoma anandiuza kuti m'zipatala zikuluzikulu kuli chakudya chenicheni cha mumtsempha, choyera ngati mkaka, koma iwo anangomva, sanachionepo. Tsopano iwe ukuti chilipodi. Chimandizunguza mutu. Chakudya chimafuna kutafunidwa, kutsika m'mimba, kugayidwa. Nanga chimenecho amachigayira kuti chisanalowe m'magazi? Ndani anayamba kulimba mtima kuthira mafuta mumtsempha wa munthu mnzake? Ndipo mimba ikakhala nthawi yaitali osalandira kanthu, siiwala ntchito yake? Njinga ikakhala pakona osapalasidwa imagwira dzimbiri. Ukakachiona ndi maso ako undilembere, ngakhale kaonekedwe ka thumba lake lokha.

Tsiku lomwelo a Nankhoma anatiuza kuti akufuna kuika kapaipi m'mphuno mwa amayi ako kuti phala lizidzera momwemo. Apa ndi pamene panavuta. Kukhitchini kumene odikirira odwala tinkaphikira, aliyense ankadziwa kuti kapaipi kamapha. Ankatchula mayina: mwana wa uje anamuika kapaipi, anapita, gogo wa pabedi lapakona anamuika kapaipi dzulo, lero akulira maliro. Amalume ako anamva zonsezo, ndipo madzulo ake anandiitanira pansi pa mtengo.

"Alamu," anatero, "mlongo wanga sanapulumuke nkhondo kuti adzafe ndi mpira m'mphuno kudziko la eni. Ngati n'kufa, akafere kwawo. Mawa timunyamula."

Iwe ukudziwa mwambo wathu. Ine ndine mkamwini, mwini mbumba ndi iwowo. Ndikanatha kukwiya, koma sindikanatha kuwaletsa. Ndipo kunena zoona nanenso ndinali ndi mantha angaanga. Ndinkaganiza kuti mphuno imangopita kumapapo ndi kumutu, ndiye phala likalowa mmenemo munthu amira ali pabedi. Usawaone ngati opusa amalume ako. Zimene ankanenazo anaziona: anthu ankafadi ali ndi kapaipi. Chimene sitinkadziwa n'chakuti chinayamba n'chiti, kapaipi kapena imfa.

M'mawa tinapita kwa a Nankhoma kukawauza kuti tikutuluka. Sanatikalipire. Anatikhazika pabenchi, n'kuyamba ndi ine, chifukwa ndinali nditawauza za mapapo zija.

"Bambo, munayamba mwasekapo mukumwa thobwa?"

Ndinati inde.

"Linatulukira kuti?"

Ndinati m'mphuno.

"Ndiye njira ilipo. Kuseri kwa kamwaku mphuno ndi pakamwa zimakumana. Kuchokera pamenepo njira zilipo ziwiri, ya mpweya ndi ya chakudya. Ntchito yanga n'kuonetsetsa kuti kapaipi kalowa ya chakudya, ndipo sindithira kanthu ndisanatsimikize."

Kenako anatembenukira kwa amalume ako. "Zoti ambiri amafa ali ndi kapaipi n'zoona, sindikubisirani. Abale amakana, amakana, n'kudzavomera munthu atatha kale, ife n'kuika mochedwa. Mlongo wanuyu akadali ndi mphamvu. Sindingakulonjezeni kuti achira. Koma panjira ya ku Muloza, ndi kugwedezeka kwa machira, sindikhulupirira kuti akafika."

Amalume ako anati, "Amayi, mwalankhula bwino, koma mbumba ndi yanga."

A Nankhoma anati, "Mbumba ndi yanu, mphuno ndi yawo. Akumva zonse. Bwanji tiwafunse eni ake?"

Palibe mwa ife amene anaganizapo zimenezo. Munthu akasiya kulankhula timamuyesa katundu woti tigwirizane pomuika. Tinalowa m'kachipinda ka mdima kaja monyang'ama. A Nankhoma anawerama n'kuwafotokozera amayi ako monong'ona zonse zimene anatiuza ife, osachotsapo, n'kuwauza kuti akavomera atsinzine, akakana angoyang'ana. Amalume ako anagwada pambali pa bedi, n'kufunsa m'Chilomwe, chilankhulo chimene ankalankhulana ali ana.

"Mlongo, tikutengere kumudzi?"

Maso a amayi ako anakhala chitsegulire, osaphethira.

"Utsale, akuike chinthuchi?"

Anatsinzina, n'kukhalitsa ali chitsinzinire. Amalume ako sanakhutire. Anasintha mafunso, anabwereza, anayamba ndi lomaliza, ngati munthu woyesa ngati mlatho ndi wolimba. Yankho linali lomwelo. Anadzuka, anapukuta maondo, n'kunena kuti, "Wanena yekha." Celestina, kumbukira zimenezi. Kumene ukupitako mudzafuna chilolezo kwa anthu kuti muyese njira iyi kapena iyo. Abale adzalankhula, akuluakulu adzalankhula. Uziyang'ana kaye ngati mwini thupi ali ndi njira yoyankhira, ngakhale ya chikope chokha.

Kuika kwake ndinaonerera. A Nankhoma anayeza kapaipiko kuchokera pamphuno kufika pakhutu, kuchokera pakhutu kufika pachifuwa chakumunsi, n'kuika chizindikiro. Anadikira kuti mankhwala agwire, thupi lifewe, n'kukalowetsa pang'onopang'ono. Ine ndinagwira chitsulo cha bedi mpaka zala zinachita dzanzi. Atafika pachizindikiro anatenga jekeseni wamkulu wopanda singano n'kukoka, ndipo munatuluka timadzi tobiriwira. Anati, "Awa ndi a m'mimba." Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anavula kachipangizo kawo komvera m'chifuwa kaja, anandiveka m'makutu, mbali inayo n'kuika pamimba pa amayi ako, n'kupopera kampweya m'kapaipi. Ndinamva kuti gubudu, ngati botolo likumira m'chitsime. Ndinakhala ndi mkazi ameneyu zaka zambiri, tinathawa limodzi, tinagona m'tchire limodzi, koma tsiku limenelo ndi limene ndinamva m'mimba mwake ndi makutu anga. Mantha anachoka, m'malo mwake munalowa chidwi, ndipo chidwicho sichinandichokebe. Unandiuza kuti masiku ano kumvera kokha simukukhulupirira, muli ndi njira zina zotsimikizira. Chabwino, chitani zimene mwapeza kuti n'zoona. Koma mupezenso china chimene mungamuonetse mwamuna wamantha kuti aone yekha.

Amalume ako anali ndi mayeso awo. Anamwino atabweretsa chakudya choyamba m'kapu, chamadzimadzi, iwo anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Chimene sindinalawe sichilowa mwa mlongo wanga." A Nankhoma anawathirira m'kapu ina. Munali phala losefa, mkaka, shuga ndi timafuta. Anamwa, anatafuna pakamwa ngati munthu wolawa mowa, n'kunena kuti, "Mulibe mchere." A Nankhoma anayankha kuti lilime sililawa nawo, koma amalume ako anaumirira kuti munthu ndi munthu, sangadye chopanda mchere. Kuyambira tsiku limenelo ankalawa chakudya chilichonse, mpaka pamene anabwerera kumudzi kukafolera nyumba yathu. Munthu akakufunsa kuti alawe, mwananga, usaone ngati akukunyoza. Akufunafuna pogwira.

Sikuti kapaipi katangolowa zonse zinayenda. Poyamba ankathira pang'ono kwambiri, moti ine ndinkadandaula mumtima kuti ngakhale mwana wa mphaka sangakhute. Atawonjezera, mimba inatupa, n'kuyamba kutsegula. Anachepetsa. Amayi ako anaonda mpaka mafupa a m'khosi anaonekera. Anawonjezeranso, chakudya china n'kumabwerera m'kapaipi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumuimitsa dokotala pakhomo. Anali mnyamata ndithu, wamtali, wotopa m'maso.

"Adokotala, mundikhululukire. Muyeso wake weniweni ndi uti? Lero mwachulukitsa, mawa mwachepetsa."

Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti si ntchito yanga. Koma iye anati, "Bambo, muyeso wa m'buku ulipo, koma thupi la mayiwa silinawerenge bukulo. Tikachulukitsa, chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Tikachepetsa, afooka. Pakati pakepo sitidziwa bwinobwino, tikufufuza tsiku ndi tsiku. Inu mumakhala nawo nthawi yonse, mukaona mimba yatupa kapena mtundu wa chimbudzi wasintha, mutiuze."

Ukhoza kuganiza kuti mawu amenewo anandiopsa. Ayi, anandilimbitsa. Munthu amene wavomera kuti apa sindidziwa, ndimamukhulupirira akadzati apa ndikudziwa. Ndipo anandipatsa ntchito, ndinasiya kukhala chitsa pakona. Ndikamva iwe ukunena mawu oti kafukufuku, ine ndimaona mnyamata uja ataima pakhomo. Ngati ntchito yako ndi yofunafuna pakati paja pamene iye sankadziwa, ndiye kuti ndi ntchito yabwino. Usachite manyazi kunena kuti sitidziwa. Koma ukatero usachoke, unenenso chimene muchite pofuna kudziwa.

Ndinamufunsanso dokotalayo za a Ernesto, ndipo nawenso ndikufunsa. A Ernesto anali mnansi wathu amene anatsalira m'phiri ife titathawa. Anadzafika kumsasa patapita nthawi yaitali, ali mafupa okhaokha, akuyenda ndi ndodo. Abale awo anasangalala, anasonkha chakudya chawo chonse, anapha nkhuku, n'kuwadyetsa mpaka kukhuta, m'mawa, masana, madzulo. Pasanathe masiku ambiri miyendo inatupa, mpweya unayamba kuvuta, anamwalira. Munthu anapirira njala ya m'phiri n'kudzafa ndi chakudya cha abale ake. Ena anati anawalodza. Dokotala uja anandiuza kuti zimachitikadi, thupi limene lazolowera njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere ya m'magazi imasokonekera, mtima n'kulephera, n'chifukwa chake amayi ako anawayambira pang'ono. Ndinamva, koma sindinamvetse. Michere yake iti? Imathawira kuti? Ndipo mungadziwe bwanji munthu amene zimuchitikire zisanachitike, makamaka kuno kumene kulibe makina oyezera magazi? Ukadzalipeza yankho, ulisandutse mawu amene mayi wa ku Molumbo angamve, chifukwa njala sinasamuke, ndipo abale okonda munthu wawo adzapitiriza kupha nkhuku.

Pali china cha kumsasa komweko chimene chimandikhalabe pakhosi. Kunkabwera anthu ofufuza, ena akuda ena oyera, aulemu ndithu. Ankatiika pamzere, ankayeza ana mikono ndi kalamba ka mitundumitundu, ankawapachika pasikelo, ena ankawatenga magazi pachala. Iwenso anakuyeza, unalira mpaka kusasa mawu. Anatifunsa ngati tikulola, ife tinalola. Koma tikanakana bwanji? Tinkaganiza kuti wokana amuchotsa pamzere wa ufa. Munthu wanjala kapena wamantha savomera, amangogonja. Ndiye ofufuzawo anapita, ndipo palibe anabwerera kudzatiuza chimene anapeza. Sindikuti anali oipa, mwina zimene anapezazo zinathandiza ana ena kwina. Koma mpaka lero ndimadzifunsa kuti kodi m'magazi a mwana wanga anaonamo chiyani? Iwe usadzatero. Pofunsa chilolezo uziyamba ndi kunena kuti ngakhale mukane tikuthandizanibe chimodzimodzi, ndipo zikhale zoona. Mukamaliza, ubwerere kwa anthuwo, kapena kwa amasiye awo, ukawauze kuti tinapeza chakuti. Wobwereka khasu amabweza, ndipo amanenako mmene munda walimikira.

Ndibwerere kwa amayi ako. Milungu inapita. Kukokana kunayamba kutalikirana, anachotsa bulangete limodzi pazenera. Tsiku lina ndikuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa, ndinaona mano asiyana pang'ono, mpata wolowa chala cha mwana. A Nankhoma anayesa kadontho ka madzi pasupuni, tonse tikuyang'ana pakhosi. Panagwedezeka, madzi anatsika, sanatsamwe. Kapaipi sanakachotse msanga, ankadyetsa mbali zonse ziwiri mpaka pakamwa panazolowera. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, olemera ngati a munthu wodzuka kutulo. Ine ndinkayembekezera kuti ayamba ndi kufunsa za iwe, kapena kuthokoza Mulungu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu, mumadyera kuti?"

Nthawi yonseyo ndinkadyera kuseri kwa nyumba, kutali, n'kutsuka m'kamwa ndi m'manja ndisanalowe, poopa kuti fungo la chakudya liwazunza. Ndinkaona ngati ndikuchita chifundo. Iwo anandiuza kuti kapaipi kamakhutitsa mimba, koma pakamwa pamatsala ndi njala yakeyake, ndi mphuno yomwe. Ankagona mumdima muja n'kumalakalaka fungo la chinangwa chootcha, kapena kungomva munthu akutafuna pafupi, kuti adziwe kuti akadali m'gulu la anthu odya. Kodi zimenezi ofufuza anzakowo amaziyeza? Ndikudziwa kuti mumayeza kulemera kwa thupi ndi magazi. Nanga njala ya pakamwa ili ndi sikelo? Mwina wodwala wina fungo lingamuzunzedi. Ndiye uzifunsa, usamuganizire ngati mmene ndinachitira ine.

Anandiuzanso kuti ankamva zonse. Anamva azimayi ena a kumudzi amene anabwera kudzazonda akukambirana pamutu pawo za amene adzakutenge iwe maliro akatha. Anamva wophunzira unamwino wina akufunsa mnzake kuti, "Wa kafumbata uja akadalipo?" Sanathe ngakhale kutembenuka. Mpaka lero azimayi aja amawapatsa moni, amawathandiza pamaliro ndi paukwati, koma mbewu ya nyemba sawapatsa. Choncho, mwananga, pabedi la munthu wosalankhula uzilankhula ngati akuyankha mawa, chifukwa ena amadzayankhadi.

Tinabwerera kumudzi chimanga chitayamba kumasula. Amalume ako anali atafolera nyumba, ndipo anansi anatidzalira theka la munda. Amayi ako ankayenda atagwira khoma, kenako ndodo, kenako khasu. Iwe unawathawa tsiku loyamba chifukwa anali ataonda, unabisala kuseri kwa azakhali ako, n'kudzabwera wekha madzulo kudzawagwira mphuno pamene panali kabala ka pulasitala. Chaka chotsatira amayi ako anakolola nandolo woposa wa aliyense pamudzi. Atabwera a katemera, anali oyamba pamzere, ndipo anakoka mudzi wonse, ndi amalume ako omwe.

Zina ndi zija ukuzidziwa kale, koma bambo salephera kubwereza. Uzidya, iwe amene ukukadyetsa ena. Ndakuonapo ukubwera kuntchito madzulo uli ndi tiyi wa m'mawa yekha m'mimba. Upeze mpingo. Anthu a kumeneko adzaseka kalankhulidwe kako ka Chipwitikizi, adzati ndiwe Mmalawi. Useke nawo, ntchito yako idzakuyankhira. Wodwala akabwera wolankhula Chinyanja kapena Chilomwe, usabise kuti ukumva, mwina ndiwe wekha m'nyumba yonseyo amene angakuuze pamene pakupweteka. Ukatopa ndi imfa, chifukwa zidzakhalapo ngakhale mutachita zonse bwino, usadzitsekere m'chipinda, ulankhule ndi munthu. Ndipo mafunso angawa usawaone ngati katundu. Ukapeza yankho limodzi pachaka, ine ndakhuta.

Ndimati ndithere pamenepa, koma amayi ako abwera kuchokera kudimba n'kundifunsa chimene ndikulemba chosatha. Ndawawerengera yonse. Amvetsera ali chiimire, dengu lili pamutu. Nditamaliza atula dengulo n'kunena kuti, "Mwalemba zambiri za mimba yanga. Koma chachikulu mwasiya."

Ndafunsa kuti chiti.

Akuti mumdima muja anamwino sankawaona nkhope, koma ankawadziwa ndi chakudya. Ena ankathira chozizira, mofulumira, ndipo ankachimva chikutsika kuseri kwa mphuno mpaka m'mimba ngati madzi a m'mawa a mumtsinje, thupi lonse n'kuyamba kukungika. Koma panali mmodzi amene chake chinkabwera chofunda, pang'onopang'ono. Tsiku lina atatsegula diso anamuona: anali ataika jekeseni wa phala uja m'khwapa mwake, akudikira kuti afunde, kwinaku akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi. Dzina lake sanalidziwe, ndipo ine amene ndinkadziyesa woona zonse sindinamuone n'komwe. Zaka zonsezi sanandiuzepo.

Ndawafunsa kuti ndilembe chiyani tsono. Akuti, "Mumuuze kuti zofufuzazo akafufuze, ndi zabwino. Koma asanathire kanthu mwa munthu, ayambe wakhudza ndi dzanja lake, amve ngati chafunda."

Ndalemba mmene anenera. Atenganso dengu lawo, alowa m'nyumba kukakukazingira mtedza wa panjira.

Uyende bwino, mwananga. Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako,
Alberto